Kalata yotseguka kwa mabwana athu: uthenga wa kuntchito uzifikanso pa foni

Olemekezeka a bwana wamkulu, akuluakulu a nthambi zonse, ndi anzathu oona za makompyuta,

Ndikupereka moni kwa nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Kalata ino ndailemba poyera chifukwa nkhani yake si ya ine ndekha. M'malo ambiri a ntchito muli anthu amene akukumana ndi zomwezi, ndipo aliyense amene aiwerenge ali ndi ufulu woitumiza kwa mabwana ake.

Mwapanga chisankho chosamutsira mauthenga onse a kuntchito ku pulogalamu yatsopano yochezera gulu. Munatiuza kuti ndandanda ya mashifiti, zidziwitso za chitetezo, kusintha kwa maulendo ndi mafunso opita kwa oyang'anira zizidutsa mmenemo basi. Munatiuzanso kuti pulogalamuyi ilibe app ya pa foni, ndipo simukuona chifukwa choti ikhale nayo, poti munthu atha kuitsegula pa kompyuta, kapena akafuna, pa browser ya foni yake. Zifukwa zanu tinazimva: app imadya ndalama, imaika pachiswe zinsinsi za kampani, ndiponso imasowetsa anthu mtendere pa nthawi yopuma. Palibe chifukwa chabodza pa zitatuzi, ndipo ndiziyankha chimodzichimodzi. Koma amene anakhala pansi n'kugwirizana zimenezi onse ali ndi desiki ndi laputopu. Amene akulira nazo alibe.

Dandaulo langa loyamba ndi la anthu amenewa. Ine ndimayang'anira gulu limene ntchito yake ili panja. Dalaivala amadzuka kusanache, n'kutenga makiyi, ndipo tsiku lonse ofesi yake ndi galimoto. Wokonza makina amakhala pamakwerero kapena pansi pa chitsulo, manja ali mafuta okhaokha. A mosungira katundu ali ndi kompyuta imodzi ya anthu onse, ndipo kompyutayo imakhala yotanganidwa ndi kulemba katundu wolowa ndi wotuluka. Alonda ndi osesa sanapatsidwe n'komwe kompyuta. Onsewa ali ndi chinthu chimodzi m'thumba, foni. Mukanena kuti uthenga wa kuntchito uli pa kompyuta, kwa iwo mwanena kuti kulibe.

Ndikupatseni chitsanzo. Mmodzi wa madalaivala athu ananyamuka m'mawa ndi katundu. Atangotuluka pageti, a ku ofesi analemba mu pulogalamu ija kuti kasitomala waimitsa oda yake ndipo galimoto ibwerere. Iye sanaone. Anayenda ulendo wonse, anafika, anapeza pakhomo potseka, nabwerera madzulo mafuta atatha. Mawa lake analandira kalata yomuchenjeza chifukwa chosawerenga mauthenga. Mabwana, akanawerenga bwanji? Wolemba uthengayo anachita zimene munamuuza. Dalaivalayo anachitanso ntchito yake. Kalatayo ikadali mu fayilo yake, ndipo idzaoneka tsiku limene mudzakhale mukuganizira zomukweza.

China n'choopsa kuposa apo. Chidziwitso choti makina ena ali ndi vuto la magetsi ndipo asakhudzidwe chinalembedwa masana mu pulogalamu yomweyo. A shifiti ya usiku anafika ofesi itatsekedwa. Anapulumuka chifukwa mnzawo wina wa masana anakumbukira kuwaimbira ali m'njira kupita kwawo. Akanaiwala, kalata ino ikanakhala ya mtundu wina.

Dandaulo lachiwiri ndi la mawu aja akuti "ingotsegulani pa browser". Pano ndichedwapo, chifukwa ndikuona kuti ambiri a inu mukukhulupirira ndi mtima wonse kuti browser ndi app n'chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kaonekedwe chabe. Si choncho.

Foni inapangidwa kuti izisunga batire. Munthu akaiika m'thumba, imagoneka zonse zimene sizikugwiritsidwa ntchito. Pa Android zimenezi zinakhwima kwambiri mu 2015, pamene Google inabweretsa dongosolo lotchedwa Doze, loletsa mapulogalamu kumangolumikizana ndi intaneti foni ili chigonere. Tsamba limene munthu wasiya lotsegula pa browser limagona nawo. Ndiye app imadziwa bwanji kuti kwabwera uthenga? Siikhala maso yokha. Seva ya pulogalamuyo, kompyuta imene imasunga mauthenga, imatumiza chizindikiro ku makina a Google otchedwa Firebase Cloud Messaging, kapena a Apple otchedwa APNs, ndipo amenewo ndiwo amadzutsa foni kuti ilire. Pulogalamu imene sinalumikizidwe ku njira imeneyi singathe kuitana munthu. Munthuyo ndiye ayenera kukumbukira yekha kuitsegula, n'kuitsegulanso, tsiku lonse. Dalaivala amene ali pa chiwongolero sangachite zimenezo, ndipo sitikufuna kuti azichita.

Ndinene mwachilungamo kuti masamba a pa intaneti apita patsogolo. Pa Android, browser ya Chrome inayamba kulola masamba kutumiza zidziwitso mu 2015. Pa iPhone zinatheka mochedwa, mu 2023, ndi iOS 16.4, ndipo pokhapokha munthu ataika tsambalo pa sikirini yoyamba ya foni yake ngati app. Alipo opanga mapulogalamu amene asankha njira imeneyi dala. Kampani ya 37signals itatulutsa Campfire, pulogalamu yake yatsopano yochezera gulu, mu 2024, inadalira tsamba loikidwa pa foni m'malo mopanga app ya m'sitolo ya Apple kapena ya Google. Choncho sindikulimbikira dzina loti app. Pulogalamu imene munatisankhira ikanakhala kuti inamangidwa mwanjira imeneyo, foni n'kumalira uthenga ukafika, sindikanalemba kalata ino. Koma yathuyi inapangidwira sikirini yaikulu. Pa foni zilembo zimachepa, mabatani amabisala, ndipo ukangoisiya pang'ono imakutulutsa n'kukufunsanso pasiwedi.

Ndiye pali nkhani ya netiweki. Inu mu ofesi muli ndi Wi-Fi yosaduka. Anzathu amagwira ntchito m'zipinda zapansi, m'nyumba za malata ndi zitsulo, m'misewu imene netiweki imabwera ndi kupita. App yopangidwa bwino imasunga mauthenga akale mu foni momwemo, kotero munthu atha kuwerenga ndandanda ya lero ngakhale netiweki kulibe. Akalemba yankho, imalisunga n'kulitumiza yokha netiweki ikabwerera. Tsamba lathuli likasowa netiweki limangoyera, ndipo zimene munthu analemba zimafufutika. Wokonza makina amene walemba lipoti lalitali ndi chala chimodzi n'kuliona likusowa sabwerezanso kawiri.

Ndipo kulemba si njira yokhayo imene anthu a panja amalankhulira. Chitsulo chikathyoka, chithunzi chimodzi chimafotokoza bwino kuposa ndime zitatu. Munthu wovala magolovesi, kapena amene salemba mofulumira, amajambula mawu. Kamera ndi maikolofoni zili pa foni, sizili pa kompyuta ya mosungira katundu.

Dandaulo lachitatu likukhudza chifukwa chanu cha chitetezo, ndipo ndikupemphani mulimvetsere modekha, chifukwa zimene mumaopa zikuchitika kale. Ntchito siidikira. Anthu ataona kuti pulogalamu yovomerezeka siwafika, anatsegula magulu a WhatsApp. Lero gulu lililonse lili ndi lakelake, ena ali ndi awiri. Mmenemo mukuyenda manambala a makasitomala, zithunzi za mainvoisi, ma adiresi a nyumba za anthu, nthawi zina ngakhale mapasiwedi. Palibe limodzi mwa magulu amenewa limene kampani ikulilamulira. Munthu akachotsedwa ntchito amapita ndi zonse mu foni yake, ndipo nthawi zambiri amakhalabe m'gulumo mpaka wina atakumbukira kumuchotsa. Foni ikabedwa, a makompyuta alibe chochita. Pakabuka mkangano woti ndani analamula chiyani, umboni uli m'mafoni a anthu, ndipo wina atha kuufufuta.

Vuto limeneli si laling'ono, ndipo lagwetsapo m'mavuto makampani aakulu kuposa athu. Mu December 2021, banki ya JPMorgan ku America inalipitsidwa madola 200 miliyoni chifukwa antchito ake ankakambirana za ntchito pa WhatsApp ndi mauthenga a mafoni awoawo, zimene bankiyo sinkasunga monga lamulo limafunira. Mu September 2022 mabungwe a boma la America oyang'anira misika ya ndalama, SEC ndi CFTC, analipitsa mabanki ena akuluakulu, kuphatikizapo Goldman Sachs, Morgan Stanley ndi Bank of America, ndalama zoposa madola 1.8 biliyoni pa mlandu womwewo. Malamulo a mabanki a kumeneko si athu, koma khalidwe la anthu ndi lomwelo kulikonse: amalankhulira pamene pali pafupi ndi dzanja. Mukawamana njira yovomerezeka pa foni, sasiya foni, amasiya njira yovomerezekayo.

Pali mbali ina ya magulu a WhatsApp imene sikambidwa m'misonkhano. Mu gulu lotere nambala ya munthu imaoneka kwa aliyense. Anzathu ena aakazi andidandaulira kuti akulandira mauthenga usiku kuchokera kwa amuna amene anangotola nambala zawo m'gulu la kuntchito. Sangatuluke m'gulumo, chifukwa ndi mmene mumabwera ndandanda ya mashifiti. Mu pulogalamu ya kampani munthu amadziwika ndi dzina lake la kuntchito, nambala yake imakhala yake. Chisankho chanu chawachotsera chitetezo chimenecho.

Dandaulo lachinayi ndi limene limandipweteka kwambiri. Mwatigawa pawiri. Zinthu zambiri zimene kale zinkanenedwa pa msonkhano kapena kumatidwa pa bolodi tsopano zimagamulidwa mu macheza a pulogalamu ija. Mwayi wa ovataimu ukalengezedwa, umatha a panja asanamve. Malo a maphunziro akatuluka, amalembetsa ndi a pa desiki. Mukafunsa maganizo pa dongosolo latsopano, amayankha ndi omwewo, kenako lipoti limati antchito onse anafunsidwa. Kale m'zaka za m'ma 1990 anthu ankacheza pa IRC, njira yolemberana pa intaneti imene Jarkko Oikarinen anaiyambitsa ku Finland mu 1988, ndipo vuto lake lalikulu linali lakuti amene sanalumikizidwe pa nthawiyo ankaphonya zonse. Mapulogalamu a masiku ano monga Slack, imene inatuluka poyera mu 2014, ndi Microsoft Teams ya mu 2017, anatchuka mwa zina chifukwa anathetsa vutoli: uthenga umasungidwa ndipo umamutsatira munthu kulikonse. Ife tagula pulogalamu yatsopano imene yabwezera theka la antchito ku vuto lakale lija. Ndipo si kuti foni ndi chinthu chapambali. Malinga ndi StatCounter, kampani yowerengera kagwiritsidwe ntchito ka intaneti, mu October 2016 kutsegula masamba a intaneti pa mafoni ndi matabuleti kunapitirira kwa pa makompyuta pa dziko lonse.

Tsopano ndibwere ku chifukwa chanu chimene ndikugwirizana nacho kwambiri, cha mtendere wa anthu pa nthawi yopuma. N'zoona. Walira mvula walira matope, ndipo ife amene tikupempha app tikudziwa kuti ikabwera, bwana adzakhala m'thumba mwathu usiku ndi Lamlungu lomwe. Ndaonapo anthu akudya ndi ana awo diso lili pa foni, kuopa kuti oyang'anira aona kuti uthenga wawo sunayankhidwe. Nkhawa yanu ndi yoyenera.

Koma taonani mmene zilili lero. Kusowa kwa app sikunaletse mauthenga a usiku. Angosamukira ku WhatsApp, kumene uthenga wa bwana umakhala moyandikana ndi wa mayi ako ndi wa mwana wako. Oyang'anira ena amangoimba. App yapayokha ya kuntchito imatheka kuitontholetsa nthawi yoweruka ikakwana, ndipo ambiri mwa mapulogalamu odziwika ali ndi malo oikira maola amene munthu sayenera kusokonezedwa. Chimene chimateteza munthu ndi lamulo, ndipo maiko ena anatsata njira imeneyi. Ku France, kuyambira pa 1 January 2017, makampani a antchito 50 kapena kuposerapo amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wozimitsa zida za ntchito akaweruka. Portugal inakhazikitsa lamulo mu 2021 loletsa olemba ntchito kusokoneza antchito pa nthawi yopuma kupatula pa zadzidzidzi. Australia inayamba mu August 2024 kupatsa antchito ufulu wokana kuyankha mauthenga kunja kwa maola a ntchito, pokhapokha ngati kukanako kuli kosayenera. Palibe mwa maiko amenewa limene linaletsa ma app. Anaika malire pa anthu otumiza. Ife sitifunika kudikira boma kuti tichite chimodzimodzi pakati pathu.

Za ndalama sindichulukitsa. Kwa opanga mapulogalamu, app ndi katundu wolemera: pamafunika ya Android ndi ya iPhone, iliyonse yokonzedwanso chaka ndi chaka, ndiponso yodutsa m'malamulo a masitolo a Google ndi Apple. Ndikumvetsa kuti gulu laling'ono la opanga litha kulephera. Koma ife sitikupanga, tikusankha. Slack ndi Teams zili ndi ma app. Ngati nkhawa yanu ndi yoti mauthenga azikhala pa seva yathu, Mattermost, Zulip, Rocket.Chat ndi Element zimalola zimenezo, ndipo zonse zili ndi ma app a pa foni. Powerengera mtengo, muikemonso mafuta a ulendo wopanda pake uja, ndi nthawi imene oyang'anira timataya pokopera uthenga uliwonse kuchoka mu pulogalamu yanu kupita ku WhatsApp, chifukwa ndi zimene tikuchita m'mawa uliwonse.

Ndichenjezeretu pa chinthu chimodzi, kuopa kuti mungamve pempho langa theka. App ikabwera, isasanduke mtolo wina pamutu pa amene amalandira zochepa. Foni ndi ya munthu, anagula yekha. Ambiri mwa anzathu ali ndi mafoni akale, a malo ochepa, oti kuika app yolemera mpaka afufute zithunzi za ana awo. App yopepuka ndi yotheka. Facebook inatulutsa Facebook Lite mu 2015 pa chifukwa chomwechi. Data imene ntchito ikudya siyenera kuchoka m'thumba la wantchito. Ndiponso pali mantha, amene ine ndikuwaona kuti ndi omveka, oti kampani ikalowa mu foni idzayamba kuona kumene munthu ali, kapena kufufuta zonse tsiku limene wachotsedwa ntchito. Android ili ndi njira yopatula mbali ya ntchito ndi mbali ya mwini foni, kotero kampani imalamulira mbali yake yokha. A makompyuta akuidziwa bwino kuposa ine.

Choncho, m'malo mwa anzanga amene tinakambirana nkhaniyi, ndikupempha zotsatirazi.

1. Muimitse kaye lamulo loti mauthenga onse azidutsa mu pulogalamu imeneyi yokha. Mpaka vutoli litathetsedwa, zidziwitso za chitetezo ndi kusintha kwa maulendo zizitumizidwanso pa SMS kapena poimba, ndipo ndandanda ya mashifiti izimatidwa pa bolodi.

2. Makalata onse ochenjeza amene anaperekedwa chifukwa chosawerenga uthenga umene munthu analibe njira youwerengera achotsedwe m'mafayilo, ndipo eni ake auzidwe mwa kalata kuti achotsedwa.

3. Mutipatse pulogalamu imene imagwiradi ntchito pa foni. Kaya ndi app ya m'sitolo kaya ndi tsamba loikidwa pa foni, ikhale yoti foni imalira uthenga ukafika, imasunga mauthenga netiweki kulibe, imatumiza zithunzi ndi mawu, ndipo imayenda pa foni yakale.

4. Musanagule, iyesedwe ndi madalaivala, okonza makina, a mosungira katundu ndi alonda, pa mafoni awo enieni, m'malo amene amagwirako ntchito, osati mu chipinda cha misonkhano.

5. Mulembe lamulo la maola. Munthu amene waweruka asayembekezeredwe kuyankha, ndipo asaimbidwe mlandu pa kusayankhako. Lamulolo linene momveka kuti zadzidzidzi ndi ziti, ndipo limange oyang'anira tonse, kuyambira ine.

6. Data ya ntchito ilipiridwe ndi kampani. Amene alibe foni yoyenera, kapena sakufuna kuika za ntchito mu foni yake, apatsidwe ya kampani popanda kumuona ngati wovuta.

7. Mutitsimikizire mwa kulemba kuti kampani sidzatsata kumene munthu ali kunja kwa maola a ntchito, sidzaona zake za mu foni, ndipo pochoka idzafufuta mbali ya ntchito yokha.

8. Zonsezi zikakhazikika, magulu a WhatsApp a za ntchito atsekedwe mwadongosolo, ndipo tithandizane kuchotsamo za makasitomala.

Sindikukayika kuti munasankha pulogalamuyi ndi cholinga chabwino, ndipo a makompyuta anagwira ntchito yaikulu poikhazikitsa. Ndikupempha kuti mutiitane tikhale pansi mwezi uno usanathe, pa nthawi imene a shifiti ya usiku ndi madalaivala angathe kupezekapo, kuti mumve kwa iwo eni. Yankho lanu pa kalata ino lisalembedwe mu pulogalamu ija yokha, chifukwa amene akulidikira kwambiri sangalione mmenemo. Limatidwenso pa bolodi la pageti ndi la mosungira katundu.

Ine wanu mwaulemu,
Mmodzi wa oyang'anira antchito a panja